Mng'alu wa pakhoma, Napolo ndi ma "asayansi apeza" a pa WhatsApp

Uthenga uwu wachokera kwa aNaphiri a ku Chinamwali ku Zomba, ndaufupikitsa pang'ono:

"Achimwene ndithandizeni, mutu wanga wazungulira. Pa gulupu ya mpingo tsiku ndi tsiku akutumiza zoti asayansi apeza ichi, asayansi apeza icho. Ena akuti Africa ikung'ambika pakati ndipo Malawi adzamira m'nyanja, kanema wake ndinamuona ndi maso angawa msewu utang'ambika. Ena akuti kukubwera chimwala kuchokera kumwamba mu 2032. Ndiye nyumba yathu ili kumtunda cha kuphiri, ndipo khoma la kuchipinda kwa ana lachita mng'alu kuchokera pa windo mpaka pansi, bambo akunyumba akuti tingogulitsa pulotiyi tisamuke. Apongozi anga nawo akuti asayansi ndi anthu osinthasintha, lero ichi mawa china, mpaka akundiletsa kukabayitsa mwana katemera wa malungo. Zoona ndi ziti?"

Zikomo aNaphiri, mtima m'malo kaye. Puloti musagulitse sabata ino chifukwa cha kanema wa pa foni. Zimene zikukusowetsani tulo kwambirizo ndi zimene sizidzakukhudzani inu kapena zidzukulu zanu, koma pali chinthu chimodzi chomwe simunachitchule n'komwe, madzi, ndipo poti mwati nyumba ili kumtunda ndi chimenecho ndikufuna tikhalirepo pansi. Ine ntchito yanga ndi ya miyala ndi nthaka, ndakhala ndikukwera mapiri a kummwera kuno kwa zaka zambiri ndi nyundo komanso mapu, ndiye za nthaka ndilankhula momasuka, za chipatala ndingokuuzani zimene zinalengezedwa poyera.

Tiyambe ndi chimwala chija poti nkhani yake ndi yaifupi. Chilipodi, dzina lake ndi 2024 YR4, anachiona koyamba kumapeto kwa Disembala 2024 ndi makina oonera kumwamba a ku Chile, kukula kwake ndi mamita ngati 60. Mu Febuluwale 2025 a NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, ananena kuti chiopsezo choti chigunde dziko pa 22 Disembala 2032 chafika pa 3 mwa 100, ndipo mauthenga aja anabadwa nthawi imeneyo. Koma pasanathe ndi masabata awiri omwe, atachiyeza mobwerezabwereza n'kuidziwa bwino njira yake, nambala ija inagwa mpaka pafupifupi ziro. Uthenga woyamba uja ukuzungulirabe mpaka lero, wachiwiriwo palibe anaufowada poti nkhani yoti "palibe chichitike" sikoma potumiza. Komanso dziwani kuti mu Sepitembala 2022 anayesa kale kuwombetsa dala chombo chotchedwa DART pa mwala wina wa m'mlengalenga, Dimorphos, ndipo nthawi imene mwalawo umatenga pozungulira mnzake inafupika ndi mphindi zoposa 30, kutanthauza kuti mwala ukaonedwa nthawi ikadalipo ungathe kukankhidwa. Imeneyo tatseka.

Ine uthenga ukangoyamba ndi "asayansi apeza" osanena kuti asayansi ake ati, a kuti, chaka chanji, ndimauika pambali kaye. Ukatchula zimenezo ndimafunsanso ngati ena amene sali m'gulu lawo anabwereza n'kupeza zomwezo, chifukwa zotsatira zoyamba zimagwa kawirikawiri. Mu Julayi 2023 dziko lonse linachita phokoso ndi kanthu kotchedwa LK-99 ka ku South Korea, akuti kadzasintha magetsi onse padziko, pasanathe mwezi ma labu ena atakapanga n'kukayesa anapeza kuti sizinali choncho. Mu Epulo 2025 gulu la ku Cambridge linati laona chizindikiro cha mpweya umene mwina ungachokere ku zamoyo pa dziko lakutali lotchedwa K2-18b, manyuzi analemba ngati apeza anthu kumeneko, anzawo atawerenganso manambala omwewo anati umboni sunakwane. Ndipo funso lomwe ambiri amaliiwala ndi lakuti zichitika liti, mawa kapena patapita zaka mamiliyoni, poti pa WhatsApp mbali imeneyo ndi imene imadulidwa.

Za kung'ambika kwa Africa ndi zoona, koma osati mmene akunenera pa gulupu yanuyo. Ifeyo tikukhala kale m'kati mwa mng'alu umenewo. Chigwa chachikulu chimene chimayambira ku Ethiopia, kudutsa ku Kenya ndi Tanzania, chimafika mpaka kuno, ndipo nyanja ya Malawi ndi madzi amene anadzaza m'menemo, n'chifukwa chake kumpoto uko ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Tsiku lina mudzakwere ndi ana pamwamba pa phiri la Zomba, mupite mbali ya ku Chingwe's Hole muyang'ane kumadzulo, mudzaona phiri likungogwera pansi molunjika ku Chingale, kenako chigwa cha Shire chili see kutsogoloko. Phompho limenelo ndi pamene nthaka inathyoka mbali ina n'kutsika. Madzi otentha a ku Liwonde, ku Nkhotakota ndi ku Chiweta amatulukiranso m'ming'alu yomweyi.

Nkhani ili pa liwiro. Masiku ano ofufuza amakhomera zida za GPS pa thanthwe n'kumayeza chaka ndi chaka, ndipo kuno kwathu mbali ziwirizi zikutalikirana ndi mamilimita osaposa atatu pa chaka, ku Ethiopia ndi kumene kukufulumirako pang'ono, 6 kapena 7. Werengerani nokha, zaka 100 sizikupitirira rula ya 30 sentimita imene mwana wanu amanyamula m'chikwama cha kusukulu. Kuti nyanja yamchere ilowe n'kudula Africa pakufunika zaka mamiliyoni, ndipo zigwa zina zotere padziko pano zinayamba kung'ambika kenako n'kusiyira panjira. Kanema wa msewu amene amazungulira kwambiri ndi wa ku Mai Mahiu ku Kenya, wa mu Malichi 2018, ndipo akatswiri ambiri a miyala anati mvula yamphamvu ndi imene inakokolola phulusa lofewa la mapiri ophulika lomwe linali pansi pa msewu. Kumene nthaka inatsegukadi anthu akuona ndi ku Afar ku Ethiopia mu 2005, mng'alu wa makilomita ngati 60 m'masabata ochepa, koma kumeneko ndi chipululu cha mapiri ophulika, chiphalaphala chamoto chili pafupi ndi pamwamba, kuno ku Zomba sizili choncho.

Kafukufuku amene ine ndimamuona wofunika kwa ife sanatchuke n'komwe pa Facebook. Ofufuza a ku mayunivesite a Bristol ndi Cardiff, pamodzi ndi akatswiri a ku Geological Survey Department, nthambi ya boma yoona za miyala ndi nthaka yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, anayenda n'kujambula mapu a ming'alu ya pansi imene ikadali yamoyo, ndipo mu 2022 anatulutsa mndandanda wa ming'alu 113. Ina ili pakhomo pathu pomwepa, wa Zomba ndi wa Chingale, ndipo wina wotchedwa Bilila-Mtakataka ndi wautali makilomita oposa 100. Yotere ingathe kubweretsa chivomerezi chachikulu kuposa cha ku Salima cha mu Malichi 1989 kapena za ku Karonga za mu Disembala 2009, koma mng'alu umodzi umatha zaka masauzande usanagwedezeke, ndipo palibe munthu padziko pano, kaya wasayansi kaya mneneri wa pa TikTok, amene angakuuzeni tsiku lake. Chimene tinaona ku Karonga n'chakuti zimene zinagwa kwambiri ndi nyumba za njerwa zomangira dothi, zopanda ring beam (lamba wa konkire womanga makoma onse pamwamba), makoma osalumikizana bwino m'makona. Kusamuka ku Chinamwali kupita ku Matawale kapena ku Sadzi sikukuchotsani m'chigwachi, kumanga bwino ndi kumene kumathandiza.

Tsopano khoma lanulo. Pa ming'alu ya nyumba imene ndaitanidwa kukaiona, yochuluka zedi gwero lake limakhala pa mamita ochepa kuchokera pakhomalo. Fawundeshoni yosazama, mbali ina ya nyumba itakhala pa thanthwe ina pa dothi lothira, ndipo izi n'zofala kumtunda chifukwa pokonza puloti anthu amakumba kumtunda n'kuthira kumunsi, ndiye mbali yothirayo imatitimira pang'onopang'ono. Dothi la makande limafufuma nthawi ya dzinja n'kufota mu Okutobala, khoma limatsatira. Madzi a padenga akamagwera pansi penipeni pa khoma popanda ngalande amafewetsa maziko. Pena ndi chiswe, pena mizu ya mtengo wa mango kapena bulugamu umene uli pafupi, pena dzenje lakale la chimbudzi kapena loumbira njerwa lomwe linakwiriridwa. Ndipo mng'alu umakonda kuyambira pa kona ya windo kapena chitseko chifukwa pamenepo ndi pofooka kale.

Chitani izi mawa lomwe. Tengani pensulo mulembe kamzere pamene mng'alu wathera kumwamba ndi kumunsi, mulembe deti pambali. Kenako sakanizani simenti pang'ono mumate kachigamba kopyapyala kodutsa pa mng'aluwo, malo awiri kapena atatu, ndipo mujambule ndi foni mutaika ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kuzioneka. Muziyang'ana sabata ndi sabata, makamaka mvula ikagwa. Kachigamba kakakhala osasweka miyezi ingapo ndiye kuti nyumba inakhazikika kale, mmisiri angomata n'kupaka pulasitala. Kakasweka ndiye kuti chinachake chikuyendabe. Mng'alu wolowa chala, wooneka mkati ndi kunja komwe, wotsata njerwa ngati masitepe, kapena khoma likayamba kutuluka mimba, ana asamagonenso m'chipinda chimenecho mpaka wodziwa aone, musadikire kachigamba. Mutulukenso panja muyende kuzungulira puloti. Ngati mng'alu uli pakhoma pokha, ndi nkhani ya mmisiri. Koma ngati nthaka yeniyeniyo yang'ambika kumtunda kwa nyumba, makamaka mng'alu wokhota, ngati mitengo kapena mapolo ayamba kupendekera kumunsi, zitseko zayamba kukanika kutseka mwadzidzidzi, ndipo aneba anu akudandaula zomwezo, pamenepo ndiye kuti phiri likuyenda, ndipo apa tafika pa madzi aja.

Anthu a ku Zomba sitifunika kuphunzitsidwa za Napolo. Mu Disembala 1946 mvula inagwa mosalekeza, phiri linatsegula, madzi ndi miyala zinatsika m'tauni kukokolola milatho ndi nyumba, anthu anafa. Mu Malichi 1991 zinachitikanso ku Phalombe. Agogo athu ankati ndi chinjoka chimene chikusamuka kuphiri kupita kunyanja, ndipo ine sindiwaseka, chifukwa pa chinthu chimodzi anaona bwino kwambiri, Napolo ali ndi njira zake ndipo amabwerera momwemo. Mmene zimachitikira ndi motere. Phiri la Zomba ndi thanthwe lolimba lomwe linauma pansi pa nthaka zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, miyala yonyezimira imene anyamata amagulitsa panjira ya ku Ku Chawe ija ndi ya m'mapiri omwewa, ndipo pamwamba pa thanthwelo pali dothi losazama. Mvula ikagwa masiku awiri atatu osadukiza, madzi amalowa m'dothi n'kukafika pa thanthwe, kulephera kupitirira, ndiye amadzaza pakati pa dothi ndi mwala mpaka dothi lija silingagwirenso. Likangoyamba kutsetsereka limagwera mu khwawa, kutola miyala, zitsa, mitengo yathunthu, n'kusanduka chimatope cholemera chimene chimathamanga kuposa munthu ndipo chimanyamula miyala yaikulu ngati nyumba.

Ndiye yang'anani pabwalo panu ndi kwa aneba. Mukaona miyala ikuluikulu yosalala itangokhala mbwee pamalo potsika, yosiyanasiyana kukula, yosalumikizana ndi thanthwe la pansi, dzifunseni kuti inabwera bwanji. Palibe anainyamula pa wilibala. Inabwera ndi madzi, kaya zaka 80 zapitazo kaya 500, ndipo njira imene inadzera ikadalipo. Kakhwawa kouma kamene ana amaseweramo ndipo anthu amatayamo zinyalala, nthawi zambiri ndi njira imeneyo. Ndimamva chisoni ndikaona munthu wadzaza kakhwawa kotere ndi dothi n'kumangapo chipinda cha lendi.

Nanga kafukufuku watsopano akuti chani pa mvula? Apa ndi pamene umboni uli wolimba, osati wa gulu limodzi koma wa ofufuza ambirimbiri kwa zaka zambiri. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi chochuluka ndi pafupifupi 7 pa 100, ndipo chinyezi chimenecho chimayenera kugwa penapake. Bungwe la zanyengo padziko lonse, WMO, linalengeza kuti 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse chiyambire kulemba, pafupifupi digiri imodzi ndi theka pamwamba pa mmene kunalili mafakitale asanachuluke. Namondwe Ana atadutsa mu Januwale 2022, uja anaononga ku Kapichira tonse n'kukhala mu mdima, gulu la ofufuza lotchedwa World Weather Attribution linaunika n'kupeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula ya anamondwe a chaka chimenecho ku Madagascar, Mozambique ndi Malawi. Koma ananenanso poyera kuti sangathe kupereka nambala yeniyeni chifukwa malo oyezera mvula amene ali ndi kaundula wa zaka zambiri ndi ochepa m'chigawo chino. Ine munthu akandiuza pamene nzeru zake zathera ndimamukhulupirira kuposa amene akudziwa zonse.

Kenako namondwe Freddy. Anabadwira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, kuwoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, kugunda Madagascar ndi Mozambique, kubwerera m'nyanja kukatenganso mphamvu, n'kubwera kachiwiri, ndipo mu 2024 a WMO anatsimikiza kuti anakhala masiku 36, palibe namondwe wina wolembedwa amene anakhalitsa chomwecho. Ku Nkhulambe ku Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi, imene madera ambiri m'dziko muno amalandira chaka chonse. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo ambiri mwa iwo ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anafa ndi matope ndi miyala yochokera kuphiri, osati mphepo. Ofufuza sakunena kuti anamondwe achuluka chiwerengero, mbali imeneyo ikadali yokanganirana, chimene akugwirizana n'chakuti amene akubwerawo akubwera ndi madzi ambiri.

Za mitengo ndinene maganizo anga mosabisa, ngakhale ena sagwirizana nane. Kudula mitengo m'phiri ndi kuotcha makala kukuwonjezeradi vuto, mizu imagwira dothi, masamba ogwa amachedwetsa madzi, ndipo pa mvula ya masiku onse kusiyana kwake n'kwakukulu, onani mmene Likangala amafiirira mvula ikangogwa ola limodzi. Koma tisanamizane kuti tikadzala mitengo ndiye kuti Napolo watha. Mvula ya mtundu wa Freddy imagumula ngakhale malo a nkhalango, ndipo mu 1946 m'mbali mwa phiri munalibe nyumba ndi minda ngati lero koma zinachitikabe. Chimene chasintha kwambiri ndi chiwerengero cha anthu amene tikugona m'njira yake. Mitengo tidzale, koma nyumba isakhale mu khwawa.

Mwina abambo akunyumba anganene kuti nyengo yakhala ikusintha kuyambira kale, ndipo sakunama. Nyanja ya Chilwa, poti ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosazama, inauma mu 1968, mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2012 ndi 2018, anthu a ku Chisi ankayenda wapansi kupita ku Kachulu, matemba ndi makumba kusowa pamsika. Kuyambira 1915 mpaka 1935 nyanja ya Malawi inatsika mpaka Shire anasiya kutulukamo. Mu 2005 ofufuza anaboola pansi pa nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope osanjikizana a zaka zoposa miliyoni imodzi, ndipo anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa moti madzi a m'nyanjayi anatsala ochepa kwambiri. Kusintha kwakale kumeneko kunali ndi zifukwa zake, monga kapendekedwe ka dziko pozungulira dzuwa, ndipo kunkatenga zaka masauzande. Kwa panoku kukuchitika m'moyo wa munthu mmodzi, ndipo gwero lake ndi utsi wa malasha, mafuta ndi gasi umene wakweza mpweya wa kaboni m'mlengalenga ndi theka lathunthu pamwamba pa mmene unalili. Ndiye chaka china madzi osefukira, chaka chotsatira ng'amba, ngati mu Malichi 2024 pamene chilala cha El Niño chinapsereza chimanga mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28.

Pa funso la puloti ndiye yankho langa ndi ili, musagulitse chifukwa cha mantha, komanso musakhale chifukwa cha liuma, pezani munthu aone malowo mvula isanayambe. Yambani ndi mmisiri wodziwa bwino, osati amene anamanga nyumbayo poti iyeyo adzadziteteza. Ngati mwaona zizindikiro za panja zija, kauzeni amfumu kapena komiti ya za ngozi ya m'dera lanu, pitani ku khonsolo ya mzinda mufunse a zomangamanga, ndipo ku Geological Survey ndi pafupi, mutenge zithunzi zija mupite nazo, ndi bwinonso kupita ngati gulu la aneba chifukwa phiri likamayenda siliyenda pa puloti imodzi. Nyumba ikakhala pa mtunda wa pakati pa makhwawa awiri, kutali ndi njira ya madzi, nthawi zambiri ngalande yabwino kumtunda kwa nyumba, yotulutsa madzi kumbali osati kwa neba wa kumunsi, imathetsa zambiri, mudzalenso udzu wa vetiva m'mizere. Ikakhala m'kamwa mwa khwawa, pamenepo ndigwirizana ndi abambo, ndipo chonde pogulitsa musamubisire wogulayo.

Nthawi ya dzinja muzimvera chenjezo la a zanyengo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, pa wailesi, osati la pa gulupu lopanda dzina. Mvula ikagwa usiku ndi usana kufika tsiku lachiwiri, mukagone kwa abale kumalo otetezeka, musadikire kuti muone kaye. Zizindikiro zoti muthawe nthawi yomweyo ndi madzi a mu khwawa kusanduka matope mwadzidzidzi, kasupe kutumphuka pamene panalibe, phokoso longa mabingu osatha kuchokera kuphiri, komanso ichi chimene ambiri sachidziwa, mtsinje kuchepa madzi mwadzidzidzi mvula ikugwabe, chifukwa ndiye kuti kumtunda kwatsekeka ndipo pakaphulika zibwera zonse pakamodzi. Pothawa musathamangire kumunsi motsata khwawa, thawirani kumbali n'kukwera pamtunda. Makadi a kuchipatala, ziphaso ndi masatifiketi a ana zizikhala mu jumbo imodzi yomanga pafupi ndi chitseko.

Tsopano apongozi. Muwapatse moni, ndipo muwauze kuti pa mfundo yoti asayansi amasintha akunena zoona, ndipo iwowo anazionera okha. Akukumbukira nthawi ya kolokwini, mankhwala owawa oyabwitsa thupi aja. Tizilombo ta malungo titawazolowera, Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kuwasiya mu 1993 n'kuyamba Fansida, ndipo Fansida nayenso atafooka tinasamukira ku LA mu 2007. Chodabwitsa n'chakuti ofufuza ku Blantyre atayesanso kolokwini patapita zaka zoposa 10 asakugwiritsidwa ntchito, anapeza kuti wayambanso kugwira, zotsatira zake zinatuluka mu 2006. Izi sizikutanthauza kuti mukagule kolokwini ku golosale ayi, mankhwala ndi amene akuperekedwa kuchipatala pano. Mfundo ndi yoti amene ankasintha ndi kachilomboko, madokotala ankangotsatira zimene akuona m'magazi a ana, ndipo akanakakamira kolokwini kuopa kunenedwa kuti ndi osinthasintha bwenzi maliro a ana atachuluka. N'chimodzimodzi ndi maneti, udzudzu unazolowera mankhwala akale aja, ndiye maneti atsopano akubwera ndi mankhwala awiri.

Katemera wa malungo si chinthu chadzulo. Dzina lake ndi RTS,S, anatenga zaka zoposa 30 akumukonza ndi kumuyesa, ndipo Malawi ndi amene anayamba kumupereka kwa ana ku sikelo mu Epulo 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Ana oposa 2 miliyoni analandira m'mayiko atatuwa, ndipo atawerengera anapeza kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100 m'madera amene ankaperekedwa. A WHO anamuvomereza mu Okutobala 2021, wachiwiri wotchedwa R21 anavomerezedwa mu Okutobala 2023. Sateteza kotheratu, mwana wobayidwa angathe kudwalabe malungo, chimene amachepetsa kwambiri ndi malungo aakulu aja okomola ndi othetsa magazi. Ana ena amatentha thupi pang'ono kapena kutupa pobayapo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Amayamba mwana ali ndi miyezi isanu ndipo amabaya kanayi, wachinayiyo mwana akuyandikira zaka ziwiri, ndipo ndi amene amayi ambiri amamuiwala. Poti anayamba ndi maboma ena osati onse, mufunse alangizi a zaumoyo ku sikelo kwanu ngati akuperekedwa kumeneko, ndipo ngati n'kotheka mupite nawo apongoziwo akafunse okha mafunso awo, akuluakulu amamva bwino akayankhidwa pamaso kusiyana ndi kuuzidwa ndi mpongozi. Neti ikhalebe yokunga usiku uliwonse, ndipo mwana akatentha thupi mupite naye akamuyeze magazi tsiku lomwelo, akayamba kukomoka, kukana kuyamwa kapena kusanza chilichonse, ngakhale pakati pa usiku pezani njinga yamoto muthamangire naye kuchipatala chachikulu cha Zomba Central.